Msana wa Zelipa

Ndimatuluka tambala asanakhosomole,
kiyi ndimamubisa pansi pa njerwa yachitatu,
ndipo Zelipa, wa zaka zisanu ndi zinayi,
amasanduka mayi ine ndisanafike pa siteji.
Chitenje changa chimamuzungulira kawiri.
Yotamu ali kumbuyo kwake,
timiyendo tikugunda m'mawondo a mlongo wake.

Minibasi ziwiri kuchoka ku Kanyama kufika ku Kabulonga.
Kumeneko dzina langa ndi Anti.
Ndimaphikira phala mwana wa eni,
kuliuzira, kulilawa, kumunyengerera,
ndipo dzino lake lililonse ndikudziwa tsiku limene linatuluka.
La Yotamu loyamba
ndinamva kwa aneba, ndikuvula nsapato.

Mvula ikagunda malata a kwa bwana
manja amatsuka mbale okha.
Mtima uli kale kwathu,
kumene madzi salowera pakhomo pokha,
ukuwerenga ngalande zonse zapakati pa nyumba ndi pampopi.

Lamulungu lina analengeza kutchalitchi:
ku holo atsegula mkombaphala wa ana a anthu ogwira ntchito,
kholo liponyepo pang'ono, kwinako boma lidzaza.
Ndinapempha tsiku. Anadula pa malipiro.

Mzere unakhota mpaka pa shopu ya wowotcherera.
Patsogolo panga Nelia wa tomato ku Soweto,
kumbuyo a Chikwekwe, mlonda wausiku,
mapasa m'manja, tulo m'maso,
ndi mayi wina wotuwa nsidze ndi fumbi la miyala
amene sindinamufunse dzina.

Mtsikana wa pa desiki, waulemu ndithu, anati:
Pepala la malipiro lili kuti, amayi?
Ndinati malipiro anga amabwera opindidwa m'dzanja,
pakhomo la kukhitchini, opanda chidindo.
Nanga kalata ya abwana?
Abwana anati aganizira.
Amaopa kuti cholembedwa sichifufutika.

Apo mayi wa miyala uja anadutsa tonse,
anayala zikhatho zake pa tebulo ngati nsomba zouma,
zong'aluka, zikhadabo zakutha.
Mapepala anga ndi awa, anatero. Dindani.

Holo yonse inati zii.
Ngakhale mapasa anasiya kulira.
Mtsikana anayang'ana fomu, anayang'ana manja,
nasiya bolopeni, natenga pensulo,
nalemba mayina athu kuseri kwa pepala.
Sindikulonjeza, anatero.

Miyezi itatu. Chimanga chinakhwima, chinauma.
Tinapita kawiri kwa khansala, tonse, ana kumsana,
kuti awamve okha mmene amalirira masana.
Kenako mawu anabwera:
umboni wa wapampando wa msika ukwanira,
wa abusa ukwanira,
wa aneba awiri odziwa nthawi imene umadzuka ukwanira.

Yotamu anapeza malo, kampando kobiriwira,
kapu yolembedwa dzina lake molakwika.
Mapasa a Chikwekwe anatenga mmodzi,
winayo akuti adikire Januwale,
ngati kuti mapasa amagawika.
Nelia akadali nambala sikisite-foro,
mwana wake akugonabe pansi pa thebulo la tomato,
ndipo tikakumana pa siteji ndimasowa poyang'ana.

Ndalama yanga ndimapereka pa wani,
ndisanagule makala, ndisanaone alandilodi.
Imawawa, koma ndi ululu wodziwika malire.

Lero ndinachedwa dala, minibasi imodzi indipite.
Ndinaima kuseri kwa kantemba
kuona Zelipa akupita kusukulu,
yunifolomu yalekeza pamwamba pa mawondo,
giredi imene anzake anaisiya chaka chatha.
Amayendabe chowerama pang'ono.
Pofika pa ngalande anaima,
dzanja linapita lokha kumbuyo
kukachirikiza mwana amene palibe.
Linagwira chikwama.

Anaseka yekha, mwana wanga,
kenako analumpha.